KUKONZEKA POYAMBA NCHITO YA MALONDA

Chaka chiri chonse, zokolola zikagulitsidwa ndipo ndalama zikalowa m'midzi, anthu ambiri amayamba kulingalira za malonda. Wina afuna kutsegula kantini pa mphambano, wina afuna kuweta nkhuku zogulitsa, wina aganiza zogula makina osokera, ndipo amene wapata bwino pa fodya kapena pa mtedza amalakalaka chigayo. Maganizo otere ndi abwino, pakuti munthu amene ali ndi njira ziwiri zopezera ndalama sagona ndi njala chaka chimene munda wakana. Koma pakati pa kuganiza ndi kuyamba pali funso limene limabvuta anthu ambiri, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Funsolo ndi ili: kodi munthu akonzeke nthawi yaitali bwanji, ndipo adziwe zinthu zingati, asanatulutse ndalama zache? Phunziro la mwezi uno liri pa funso limeneli.

ANTHU A MITUNDU IWIRI

Pa nkhani ya malonda, m'mudzi uli wonse mumapezeka anthu a mitundu iwiri. Woyamba ndi waphuma. Iyeyu akaona mnzache akupindula ndi golosale, m'mawa mwache amakwera basi kukapikula katundu. Safunsa kuti mnzacheyo amagulitsa zinthu zingati pa tsiku, ndiponso saganiza ngati anthu a m'mudzimo angakwanitse kugula m'magolosale awiri. Pakatha miyezi itatu mashelefu amatsala opanda kanthu. Ndalama zina ziri kwa anthu amene anatenga katundu pa ngongole, zina anagulira ndiwo za pa nyumba, ndipo zokapikulira katundu wina palibe. Za munthu wotere akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Wachiwiri ndi wozengereza. Iyeyu ali nazo ndalama, ndipo nzeru ali nazonso. Amagula kope, nalembamo mitengo, nafunsa ali yense wobwera kuchokera ku tauni. Koma tsiku loyamba silifika. Chaka chino akuti adikire mitengo ikhazikike, chaka cha mawa akuti aone kaye mvula. M'menemo ndalama zija zikuchepa. Kwagwa maliro, atapako. Mwana wadwala, atapako. Ndipo mitengo ya zinthu ikukwera, kotero kuti makina amene akadagula chaka choyamba sangathenso kuwagula chaka chachitatu. Uyu ndiye zengerezu amene analinda kwaukwau.

Anthu awiriwa onse amataya chuma. Woyamba amataya msanga anthu onse akuona, wachiwiri amataya pang'onopang'ono popanda womseka, koma pomaliza onse amakhala manja lende. Tsono nkoonekeratu kuti kungouza munthu kuti afulumire, kapena kuti adekhe, sikumthandiza. Pafunika muyeso. Nkhani ziwiri zoona, zochokera ku maiko ena, zithandiza kuonetsa muyesowo. Yoyamba ndi ya anthu amene anali ndi ndalama zambiri, yachiwiri ndi ya anthu osauka.

MTEDZA WA KU TANGANYIKA

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ku Britain kunali kusowa kwakukulu kwa mafuta ophikira ndi majarini. Mu 1946 Frank Samuel, mkulu wa kampani ya United Africa Company, anapereka ganizo ku Boma la Britain lakuti ku Tanganyika, dziko limene lero liri mbali yaikulu ya Tanzania, kulimidwe mtedza wambiri ndi makina, kuti ayengeko mafuta. Boma linatuma anthu atatu kukaona malo, ndipo wowatsogolera anali John Wakefield, amene kale anali mkulu wa zaulimi m'dzikomo. Anthuwa anayendera dziko milungu 9 yokha, ndipo malo ambiri anawaona ali m'ndege.

Atabwerako analemba kuti palimidwe maekala 3,210,000, ogawidwa m'minda 107 ya maekala 30,000 munda uli wonse. Minda 80 inayenera kukhala ku Tanganyika, 17 ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zambia, ndi 10 ku Kenya. Anawerengera kuti nchitoyo idzadya mapaundi pafupifupi 24,000,000, ndi kuti pakapita zaka zowerengeka adzakolola matani 600,000 a mtedza pa chaka. Boma linabvomera, ndipo mu 1947 nchito inayamba pa malo otchedwa Kongwa, pakati pa dzikolo. Pambuyo pache inafikanso ku Urambo ndi ku Nachingwea.

Mabvuto anayamba pomwepo. Thengo la ku Kongwa linali lowirira kwambiri ndiponso la mizu yolimba. Mathirakitala ambiri anali akale, otsala ku nkhondo, ndipo anali kuonongeka msanga kuposa m'mene amakaniko akadathera kuwakonza. Anafika posandutsa akasinja ankhondo kukhala mathirakitala, ndi pomakoka unyolo wolemera pakati pa mathirakitala awiri kuti ugwetse mitengo. Katundu anali kuunjikana pa doko la Dar es Salaam chifukwa njanji yopita kumtunda inali imodzi yokha. Chaka choyamba anafuna kulima maekala 150,000, koma anabzala maekala ngati 7,500 basi. Ndiponso anapeza kuti nthaka ya kumeneko ikauma imalimba ngati njerwa, kotero kuti mtedza unali wobvuta kukumba. Choposa zonse, mvula ya ku Kongwa ndi yochepa ndi yosadalirika. Agogo, ndiwo mtundu wa anthu amene anakhala kumeneko kuyambira kale naweta ng'ombe, anali kudziwa bwino za chilala cha dziko lao.

Mu Januwale 1951 Boma la Britain linalengeza kuti nchito yaikuluyo yalephereka. Ndalama zimene zinatayika zinaposa mapaundi 36,000,000. Njanji imene inamangidwa kuchokera ku doko latsopano la Mtwara kupita ku Nachingwea, yoti izinyamula mtedza, inatsekedwa mu 1963. Ku Kongwa kunasanduka koweterako ng'ombe, monga momwe eni dziko anali kuchitira kale, ndipo ku Urambo kunadzatchuka ndi fodya.

Anthu amene anakonza nchitoyi sanali aulesi kapena opusa. Mapepala anali nao ambiri, ndipo manambala ao analembedwa bwinobwino. Koma manambala onsewo anaimikidwa pa zinthu zitatu zimene sanaziyese: kagwedwe ka mvula, mtundu wa nthaka, ndi mphamvu ya makina pa thengo lotere. Akadayamba ndi munda umodzi waung'ono, naulima zaka ziwiri kapena zitatu, akadadziwa zonsezi ndi ndalama zochepa. Phunziro lache ndi lakuti kuchuluka kwa zolemba si kukonzeka. Munthu angathe kudzaza kope lonse, koma ngati manambala ache oyamba ndi ongoganizira, onse otsatira ndi achabe.

KASITOLO KA KU ROCHDALE

Nkhani yachiwiri inachitika ku Rochdale, tauni ya mafakitale a nsalu pafupi ndi Manchester ku England. Mu 1844 amuna 28 a m'tauniyo, ambiri a iwo oomba nsalu ndi amisiri ena, anatopa ndi kugula chakudya chodula, chosakaniza ndi zinthu zachabe, ndi choyesedwa pa sikelo zonyenga. Anapangana kutsegula sitolo yaoyao. Popeza anali osauka, anali kusonkha makobiri awiri kapena atatu pa mlungu, mpaka ndalama zinakwana mapaundi 28.

Pa miyezi imene anali kusonkhayo sanakhale chabe. Anali kukumana kawirikawiri kukambirana malamulo a bungwe lao. Anakumbukira kuti zaka ngati khumi zapitazo m'tauni momwemo munali sitolo ina ya mtundu womwewo, imene inagwa chifukwa chokongoza katundu. Tsono anaika lamulo lakuti katundu agulidwe ndi ndalama pamanja, popanda ngongole. Anapangananso kuti sikelo ikhale yoona, kuti membala ali yense akhale ndi liu limodzi pa msonkhano kaya anasonkha zambiri kaya zochepa, kuti mabuku a ndalama aziwerengedwa poyera pa nthawi yache, ndi kuti phindu lizigawidwa molingana ndi m'mene munthu wagulira m'sitolomo.

Anachita lendi chipinda chapansi cha nyumba yosungiramo katundu mu mseu wa Toad Lane, pa mtengo wa mapaundi 10 pa chaka. Sitoloyo inatsegulidwa pa 21 Disembala 1844. Katundu wache anali batala, shuga, ufa wa tirigu, ufa wophikira phala ndi makandulo ochepa, ndipo poyamba anali kutsegula madzulo okha, masiku awiri pa mlungu, ataweruka ku nchito zao. Ataona kuti anthu akugula, anaonjeza tiyi ndi fodya, naonjezanso masiku otsegulira. Chitatha chaka chimodzi mamembala anali 74. Lero nyumba ija imasungidwa monga malo a chikumbutso, ndipo makopaletivi a m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, amatsata malamulo amene anachokera pa aja a ku Rochdale.

Anthuwa anakonzeka mosamala pa zinthu zimene zikadawagwetsa, makamaka ngongole ndi kasungidwe ka ndalama. Koma pa zinthu zimene sakadazidziwa asanayambe, monga katundu amene adzayende malonda ndi masiku oyenera kutsegula, sanataye nthawi kukangana. Anayamba ndi zochepa, sanasiye nchito zao zakale, ndipo ogula ndiwo anawaphunzitsa zotsalazo.

MUYESO WACHE

Pa nkhani ziwirizi pakutuluka muyeso umene ungathandize munthu wa m'mudzi. Muyesowo ndi uwu: kukonzeka kulingane ndi kukula kwa chimene munthu adzataya nchitoyo ikakanika. Kuti aupeze muyesowo, munthu adzifunse mafunso atatu.

1. Nchitoyi ikalephereka, chidzatayika nchiyani? Ngati ndi ndalama zimene angazipezenso ndi ganyu wa mlungu umodzi, palibe chifukwa choganizira miyezi isanu. Koma ngati ndi ng'ombe za banja, kapena ndalama za fodya wa zaka zitatu, kapena ngongole imene chikole chache ndi nyumba, ayenera kudekha ndithu.

2. Kodi njira yobwerera iripo? Makina osokera kapena njinga zingathe kugulitsidwa, ndipo mwini apezako gawo la ndalama zache. Koma nyumba ya njerwa zootcha, ikamangidwa pa malo opanda ogula, siinganyamulidwe kupita pena. Ngongole nayonso siibwerera m'mbuyo. Malonda angafe, koma iyo imatsala. Pamene palibe njira yobwerera ndi pamene pafunika kuganiza kwambiri.

3. Kodi nchitoyi ingayesedwe pang'ono poyamba? Ngati ingayesedwe, kuyesako ndiko kukonzeka kopambana, pakuti kumayankha mafunso amene palibe munthu angawayankhe ali pa mpando. Ngakhale akatswiri a zaulimi a ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, sapereka mbeu yatsopano kwa alimi asanaiyese pa timinda tating'ono nyengo zingapo.

Pali zinthu ziwiri zimene munthu wanzeru saziika pa malonda ngakhale ataona kuti phindu liri pafupi: chimanga cha m'nkhokwe chodyetsa banja mpaka kukolola, ndi ndalama za sukulu za ana. Ndiponso nkoyenera kuti mwamuna ndi mkazi akambirane asanayambe, pakuti zikabvuta onse awiri ndiwo adzasauke.

MALONDA ANG'ONO, APAKATI NDI AKULU

Muyeso uja umaoneka bwino poika malonda m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la malonda ang'ono, monga mandasi, zitumbuwa, tomato kapena usipa wa pa milu. Mai amene afuna kukazinga mandasi akonzeke tsiku limodzi kapena awiri. Apite pa msika, aone ogulitsa mandasi alipo angati ndi mtengo wao, agule paketi imodzi ya ufa ndi botolo la mafuta, akazinge, awerenge mandasi amene atuluka, ndipo madzulo awerenge ndalama. Pa kuwerengako asaiwale nkhuni, shuga, yisiti ndi msonkho wa pa msika. Akachita chomwecho masiku atatu a msika adzadziwa zambiri kuposa amene waganizira chaka chathunthu.

Gulu lachiwiri ndi la malonda apakati, monga kuweta nkhuku zachizungu, kusoka, kapena kantini. Apa pafunika milungu ingapo. Woweta nkhuku ayenera kudziwa kuti nkhuku zanyama zimakula pa milungu 6 mpaka 8, ndipo zonse zimakulira pamodzi. Ogula akasowa, zimapitirira kudya, ndipo tsiku liri lonse zimadya phindu la mwini. Nkhuku zamazira zimayamba kuikira zitakwana miyezi ngati isanu, kotero mwini ayenera kukhala ndi chakudya cha miyezi yonseyo asanagulitse dzira ndi limodzi lomwe. Adziwenso za chitopa, nthenda imene ingathe kutha khola lonse m'masiku owerengeka, ndi kuti mankhwala ache palibe koma katemera yekha. Zonsezi angazimve kwa alangizi a ziweto ndi kwa anzache oweta kale. Akazimva, ayambe ndi anapiye 20 kapena 30, osati 500. Gulu loyambalo lidzamuonetsa chakudya chimene zimadya, zimene zimafa, ndi anthu amene amaguladi.

Pa gulu lomweli munthu asamale za nthawi ya ngongole. Ndalama za ku banki mkhonde zimabwezedwa msanga, kotero zimayenera malonda amene ndalama zache zimabwera msanga. Kutenga ngongole yobweza pakatha mwezi umodzi nkugulira anapiye amene adzaikira pakatha miyezi isanu ndiko kudziika pa msampha. Za katapila ndiye nzosayenera nkomwe kuyambira malonda.

Gulu lachitatu ndi la malonda akulu, monga chigayo, galimoto yonyamula katundu, kapena kumanga sitolo. Awa sangayesedwe pang'ono, pakuti munthu sangagule theka la chigayo. Tsono m'malo mwa kuyesa pafunika kuwerengera ndi kufufuza, ndipo si kutaya nthawi ngati munthu atha miyezi ingapo, kuti aone m'mene malondawo amayendera nthawi ya masika ndi nthawi ya njala yomwe.

CHITSANZO CHA CHIGAYO

Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, pakuti mitengo imasintha ndiponso imasiyana malo ndi malo. Wowerenga aikepo mitengo ya kwao.

Munthu wina afuna kugula chigayo cha dizilo. Wafunsa kwa eni zigayo, ndipo wapeza kuti kugayitsa debe limodzi ndi K1,000, koma pa ndalamayo K600 imapita ku dizilo, oilo, ndi kutha kwa malamba, nyundo ndi sefa. Pa debe liri lonse patsala K400. Kuonjeza apo pali ndalama zimene ayenera kutulutsa mwezi uli wonse, kaya anthu abwere kaya asabwere: malipiro a wogayitsa ndi a mlonda, kubweza ngongole, ndi zosungira tsiku limene injini idzaonongeke. Zonsezi zikwana K240,000 pa mwezi.

Tsono agawe K240,000 ndi K400. Yankho ndi 600. Ndiye kuti ayenera kugaya madebe 600 pa mwezi kuti asapindule ndiponso asaluze. Ngati chigayo chiyenda masiku 24 pa mwezi, afunika madebe 25 tsiku liri lonse. Phindu lache lidzayamba pa debe la 26.

Apa ndi pamene pensulo imalekera ndipo miyendo imayambira. Munthuyo ayende m'midzi imene mai angachokere ndi debe pamutu, awerenge mabanja, ndipo afunse amai kuti amagayitsa kangati pa mwezi. Tsono wapeza mabanja 150, ndipo banja liri lonse limagayitsa madebe atatu pa mwezi. Onse pamodzi ndi madebe 450. Pa madebe 450 adzapeza K180,000, pamene zotuluka ndi K240,000. Mwezi uli wonse adzaluza K60,000, ngakhale mabanja onse atabwera kwa iye yekha. Ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, madebe adzachepa kuposa pamenepo.

Kuwerengera kumeneku kwamtengera madzulo amodzi ndi kope, ndi mlungu umodzi wa kuyenda, koma kwapulumutsa ndalama za zaka zambiri. Sikuti munthuyo asiye ganizo lache. Angathe kufuna malo ena pafupi ndi msika waukulu, kapena kusonkha chaka china kuti agule popanda ngongole, kapena kugwirizana ndi anzache. Akapeza malo amene madebe akwanira, atsimikize zinthu zina zitatu asanalipire: chilolezo cha malo kwa amfumu, chiphaso cha malonda ku khonsolo ya boma lache, ndi kumene kuli makaniko ndi zipangizo za injini ya mtundu umenewo. Injini yotsika mtengo imene zipangizo zache sizipezeka ingathe kukhala miyezi iwiri osalira, ngongole iri kuyenda.

ZOFUNIKA KUDZIWA PA MALONDA ALI ONSE

Kaya malonda ndi ang'ono kaya akulu, pali zinthu zisanu zimene munthu ayenera kuziyankha asanayambe. Kusiyana kwache nkwakuti wa mandasi aziyankha tsiku limodzi, pamene wa chigayo zimtengera miyezi.

1. Ogula ndani, alipo angati, ndipo tsopano amagula kwa yani?
2. Zonse zofunika poyamba zidya ndalama zingati, kuphatikizapo ulendo, msonkho ndi chiphaso?
3. Pa chinthu chimodzi chogulitsidwa patsala phindu lanji, ndipo ayenera kugulitsa zingati pa tsiku kuti asaluze?
4. Ndi miyezi iti imene malonda adzachepa, ndipo banja lidzadya chiyani pa miyeziyo?
5. Adzagwira ndalama ndani, ndipo abale ndi abwenzi ofuna ngongole adzayankhidwa bwanji?

Funso lachisanu ambiri amalinyoza, koma ndilo limene lagwetsa makantini ochuluka. Munthu amene sanapangane ndi mtima wache za ngongole asanatsegule sangathe kukaniza malume ache atafika pa kauntala.

POLEKERA KUKONZEKA

Tsono munthu adzadziwa bwanji kuti wakonzeka mokwanira? Chizindikiro chache ndi ichi: mafunso amene angayankhidwe ndi kufunsa, kuyenda ndi kuwerengera ayankhidwa, ndipo otsalawo ndi oti palibe angawayankhe kufikira malonda atayamba. Palibe munthu angadziwiretu mvula ya chaka cha mawa, kapena mtengo wa dizilo pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Amene adikira kuti adziwe zimenezi adzadikira mpaka kukalamba. Ndiponso munthu akaona kuti akufunsa funso lomwe lija kwa munthu wachisanu, nalandira yankho lomwe lija, adziwe kuti chimene chamgwira tsopano ndi mantha, si kukonzeka.

Akafika pamenepo alembe zinthu zitatu pa tsamba loyamba la kope lache. Choyamba, tsiku loyamba malonda. Chachiwiri, malire a ndalama zimene angalole kutaya, kuti zikafika pamenepo aime osagulitsa mbuzi kapena kutapa m'nkhokwe. Chachitatu, tsiku limene adzakhale pansi kuona ngati malonda akuyenda monga anawerengera, kaya pakatha mwezi, kaya pakatha miyezi itatu. Kuyambira tsiku loyambalo azilemba zolowa ndi zotuluka tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama za malonda asazisakanize ndi za pa nyumba. Kopelo ndilo lidzamuuze ngati nthawi yokuza malonda yakwana.

MAU KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi angathe kugwiritsa nchito phunziroli pa masamu a ana a makalasi apamwamba, ndiponso pa sukulu za kwacha ndi pa misonkhano ya makalabu a alimi. Mafunso awa angathandize:

1. Anthu a ku Tanganyika analemba zambiri asanayambe. Nanga analakwa pati?
2. Nchifukwa ninji anthu a ku Rochdale anakana kugulitsa pa ngongole?
3. Pa chitsanzo cha chigayo, ngati mwini alibe ngongole ndipo zotuluka pa mwezi zatsika kufika K160,000, afunika madebe angati pa mwezi? Kodi mabanja 150 aja amkwanira?
4. Ana atchule malonda atatu a m'mudzi mwao, ndipo anene gulu la malonda ali onse: ang'ono, apakati kapena akulu.

Amene ali ndi ndalama za zokolola m'manja mwezi uno ayambe wapeza gulu la malonda amene akuwafuna. Ngati ndi ang'ono, awayese pa msika ukubwerawu. Ngati ndi apakati, akaonane ndi alangizi ndipo ayambe ndi zochepa. Ngati ndi akulu, asunge ndalama zache pabwino, atenge kope ndi pensulo, ndipo ayambe kuwerenga mabanja.